Buku la Masamu Lomwe Ndinalikuta ndi Pepala

Mphatso ndi Chisomo, ana anga otsala, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito nthawi isanakwane, ndiponso chifukwa chimene Tadala, mwana wa malemu mchemwali wanu, akukhalira ku Derby osati kuno kwa ine. Pa foni ndimangoti ndi nkhani yaitali. Tsopano ndailemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye musayembekezere kalembedwe ka aphunzitsi. Ndilemba monga zinachitikira, ndipo pamene ndinalakwa ndinena.

Chaka choyamba ku Leicester

Ndinabwera kuno potsatira bambo anu, amene anali atapeza ntchito ya unamwino m'chipatala. Inu awiri munatsala kwa malume anu ku Dedza kuti mumalize sukulu, ine ndinakwera ndege ndi mchemwali wanu Esnart yekha. Patatha miyezi inayi ndinalembedwa ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Evington. Anandiika kochapira zovala, poti kumeneko sikufuna Chingerezi chambiri. Chipindacho chinali chapansi, chopanda zenera, makina atatu akulira tsiku lonse. Chovala chilichonse chinali ndi dzina la mwini wake pakhosi, ndipo ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti juzi la gogo uyu lisapite kwa gogo uja. Bwana wanga woyamba anali Mayi Sheila, mzungu wamkulu thupi, wokonda fodya. Nditawauza kuti ndilibe satifiketi iliyonse anaseka nati, "Grace, pano sitifunsa mapepala, timafunsa miyendo. Uli nayo?" Ndinali nayo. Ndinakhala pansipo zaka zitatu. Nthawi yozizira ndinkalowa kusanache n'kutuluka kutada, dzuwa n'kumaliona Lamlungu lokha.

Chaka chachinayi, nditakwera pamwamba

Antchito pa nyumba ija ankachepa nthawi zonse. Munthu ankayamba Lolemba, pofika Lachisanu wathawa. Tsiku lina Mayi Sheila anatsika, nandilanda dengu m'manja nati, "Siya izo, pamwamba palibe anthu." Ndi mmene ndinayambira ntchito ya keya: kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kutembenuza odwala pabedi kuti asachite zilonda. Masiku ena tinkakhala awiri pa nsanjika yonse, magolovesi atatha, mabelu akulira zipinda zitatu nthawi imodzi. Msana ndi mawondo ndinazisiya pamenepo.

Pa anthu onse amene ndinawasamalira, mmodzi ndiye akukhudza nkhani iyi. Anali Bambo Walter, amene anagwira ntchito moyo wawo wonse m'fakitale ya masokosi. Mutu unali utawasokonekera ndi ukalamba. Dokotala akabwera n'kuwafunsa kuti zitatu kuphatikiza zinayi ndi zingati, ankangoyang'ana kukhoma, nthawi zina n'kugwetsa misozi. Tsiku lina ndinasiya dengu la masokosi ochapa pabedi pawo ndikuthamangira belu la chipinda china. Pobwerera ndinapeza atawaika awiriawiri, kenaka m'mitolo ya khumi ndi awiri, otsala ali pambali. Ndinawerenga mitolo yonse, panalibe wolakwika. Kuyambira tsikulo ndinkawabweretsera masokosi m'mawa uliwonse. Manja awo ankadziwa zimene pakamwa panali pataiwala.

Bambo anu anamwalira ndili chaka chachisanu ndi chinayi pa ntchitoyo. Zimenezo mukuzidziwa, munabwera ku eyapoti kudzalandira bokosi. Nditabwerera kuchokera ku maliro ndinapeza Mayi Sheila atapuma, m'malo mwawo muli mtsikana wina dzina lake Karen, wamsinkhu wa Esnart. Iyeyu anabweretsa matabuleti. Chilichonse chimene wachita, ngakhale kumwetsa munthu madzi, unkayenera kuchilemba mu tabuleti. Ine kusambitsa munthu kunkanditengera mphindi zochepa, kulemba kuti ndamusambitsa n'kumanditengera theka la ola. Karen sankakalipa. Ankangobwera n'kuima kumbuyo kwako, akupuma mokweza.

Chaka chimene Esnart anatisiya

Esnart anadwala miyezi isanu ndi iwiri. Mwana wanga, namwino amene anasamalira anthu ambirimbiri, anafera m'manja mwanga, m'nyumba yathu ya ku Beaumont Leys, Tadala ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo a Tadala, a Gift, anali atasiyana naye kale. Ankakhala ku Normanton, mumzinda wa Derby, ndi mkazi wina wa ku Zambia, dzina lake Beatrice, ndipo anali ndi khanda. Maliro atatha tinakhala pansi. Ine ndinanena za kwathu, kuti mwana ndi wa kuchikazi. A Gift sanatsutse, nyumba yawo inali yaing'ono. Anati, "Amayi, mwambo sindikuukana, mwana akhale kwa inu. Koma za sukulu yake ndiziziona ine." Ndinavomera osaganizira. Sindinadziwe kuti kuno mwambo ulibe siginecha, mapepala onse amanena za bambo.

Tadala ankawerenga mabuku onenepa kuposa Baibulo langa. Koma wotchi ya pakhoma sankaimva. Basi nambala fotini ndi fote wani kwa iye zinali chimodzimodzi. Ukamufunsa kuti seveni ndi naini chachikulu n'chiti, ankabisa manja pansi pa tebulo n'kuyamba kuwerenga zala. Mayi ake ali moyo ankamuthandiza homuweki, mwina n'kumamulembera, sindikudziwa. Atapita, zonse zinaonekera poyera. M'mawa uliwonse m'mimba munkamupweteka. Kenaka kusukulu anandiitana, ati mwanayu nthawi ya masamu akumakabisala m'chimbudzi.

Mphunzitsi wake anali mayi waulemu, wotopa m'maso. Anandiuza kuti vuto la Tadala lili ndi dzina, dzina lalitali lomwe lilime langa linakana. Anati si ulesi, si kupusa, ndi mmene ubongo wake unapangidwira, manambala sakhazikikamo. Anati amulembetsa kuti akamuyeze akatswiri, koma mzere ndi wautali.

"Ndiye abwereze kalasi," ndinatero. "Kwathu mwana akalephera amabwereza mpaka amve. Ine ndinabwereza Sitandade 3, sindinafe."

"Kuno sitibwerezetsa," anayankha. "Mwana amayenda ndi anzake a msinkhu wake."

"Ngakhale sakudziwa?"

"Timamuthandiza ali momwemo."

"Mwamuthandiza zaka zingati?"

Anayang'ana mapepala ake. Sindikumuda mayi uja, anali ndi ana odzaza chipinda ndipo iye yekha. Koma ndinatuluka ndikudziwa kuti mdzukulu wanga adzakankhidwa chaka ndi chaka mpaka kumapeto, ngati thumba lopanda kanthu pa lamba wa fakitale. M'basi ndinaganiza kuti ngati iwo sabwerezetsa, ndimubwerezetsa ndekha. Ndinali nditamva kwa anzanga kuti lamulo limalola kuphunzitsa mwana kunyumba.

A Gift nditawaimbira anati, "Amayi, mopanda mwano, inu muphunzitsa?"

"Ndinaphunzitsa mkazi wanu kuyenda ndi kuyankhula. Anakhala namwino."

"Chabwino. Chaka chimodzi. Seputembala winayo ayenera kupita ku sekondale. Akakhala kuti sakukhoza masamu a kalasi yake, ndidzamutenga, akalowe sukulu kuno ku Derby."

Ndinapita kwa Karen kukapempha kuti ndizigwira Loweruka ndi Lamlungu lokha. Anatsegula ndandanda ya mashifiti, naitsekanso. Anati alibe anthu mkati mwa sabata, ndipo akandilola ine aliyense afuna. Kenaka anamwetulira nati, "Grace, lipoti limodzi limakutengera theka la ola. Masamuwo uwaphunzitsa bwanji?" Ndinali nditagwira pa nyumba ija zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu amene ndinawatseka maso sindingawawerenge. Ndinamaliza mwezi, n'kusiya yunifomu pa tebulo lake nditaichapa ndi kuisita. Anandipatsa kadi yosainidwa ndi anthu amene ambiri sindinkawadziwa.

Seputembala mpaka Disembala

Sindinkadziwa kuti mabuku a masamu ndi ambiri chonchija. M'sitolo munali shelefu yathunthu, lililonse likulonjeza. Ndinachita monga tinkachitira kwathu, kumene buku lonenepa ndilo buku labwino. Ndinasankha lolemera kwambiri, lolembedwa kalasi ya Tadala pachikuto, la ana amene akukonzekera mayeso ovuta. Ndinaganiza kuti akazolowera chovuta, chapafupi chidzabwera chokha. Tsamba loyamba ineyo sindinalimve. Ndinalitseka n'kunena kuti tiyambe ndi zimene ndikuzidziwa, kuloweza.

Tinkaimba monga tinkaimbira pansi pa mtengo ku Dedza: thuu wani thuu, thuu thuu folo, thuu fili sikisi. Ndinkamenya tebulo ndi supuni kupereka mayendedwe. Tadala ali ndi khutu la nyimbo. Pa masabata atatu anali ataloweza mpaka eyiti, ndipo ndinaimbira a Gift monyada. Koma ukamudula pakati n'kufunsa kuti sikisi folo ndi zingati, ankayambira pachiyambi, kuimba chamumtima, milomo ikugwedera. Tsiku lina ndinamuuza kuti andipatse masupuni atatu kawiri. Anandipatsa asanu. Ndinamuuzanso, anandipatsa atatu. Anali ataimba thuu fili sikisi m'mawa womwewo. Mtima unandiwira, ndipo ndinanena mawu amene ndidzapita nawo kumanda. Ndinati, "Mayi ako anali namwino. Iwe mutu umenewu unautenga kuti?" Sanalire. Anabwezera masupuni mu dirowa imodziimodzi, nakwera kuchipinda. Masiku awiri sanandiyankhule.

A Gift atamva kuti bukulo lakanika anati, "Amayi, zoloweza zinatha ndi nthawi yanu. Pali pulogalamu ya pa kompyuta, imaphunzitsa yokha, inu muzingoyang'anira." Anailembetsa okha. Inali ndi tizilombo tovina, mafunso othamangitsana ndi wotchi, ndipo ukakhoza inkakupatsa nyenyezi. Sabata iliyonse lipoti linkapita pa foni ya a Gift. Nyenyezi zinachuluka, a Gift anasangalala, nanenso ndinapuma. Mpaka tsiku lina ndinakhala pambali pake ndikusenda mbatatesi, maso ali pa zala zake. Funso sankaliwerenga. Ankadina yankho loyamba, likafiira n'kudina lachiwiri, mpaka lobiriwira lituluke. Anali ataphunzira makinawo, osati masamu. Nditamufunsa anandiyankha m'Chingerezi chake, "Agogo, imafuna ndifulumire. Ndikaganiza nthawi imatha."

Ndinawauza a Gift. Anati ndine wachikale, ndikuopa kompyuta. Miyezi inayi inali itapita.

Januwale

Lachinayi lililonse pa laibulale ya kwathu pankakumana makolo ophunzitsa ana kunyumba. Ndinkapita kuti Tadala aone anzake, ine n'kukhala pakona. Tsiku lina ndikumuuza kuti avale bwino jekete, mayi wina wa Chimwenye wovala mpango anatembenuka nati m'Chichewa, "Amayi, kwanu n'kuti?" Ndinachita ngati ndamva malemu akuyankhula. Anali Mayi Fatima, wobadwira ku Limbe, kumene bambo ake anali ndi sitolo ya nsalu. Anabwera ku Leicester ali mtsikana, koma Chichewa chinali chidakalimo, cha m'sitolo, chodumpha mawu ena. Mwana wake wamwamuna anali ndi vuto lofanana ndi la Tadala, ndipo anali atamuphunzitsa yekha mpaka kukula.

Nditamufotokozera za buku lonenepa ndi za kompyuta anaseka. "Ine ndinagula mabuku asanu, onse anathera pansi pa bedi. Dikirani." Anatulutsa mabatani m'chikwama, naponya asanu pa tebulo, nafunsa Tadala kuti ndi angati. Tadala anawakhudza limodzi limodzi. Mayi Fatima anawasakaniza mabatani omwewo, osachotsa, osawonjezera, nafunsanso. Tadala anayambanso kuwerenga. Atapita kukasewera, Mayi Fatima anati, "Mwaona? Mwanayu sanasochere kalasi ino. Anasochera tsiku loyamba, anthu onse akungomudutsa. Posankha buku musayang'ane kalasi yolembedwa pachikuto. Pitani pamene anatayikira, mukamutole pamenepo. Ndipo buku lopanda chogwira m'manja musaligule."

Sabata yotsatira anandibweretsera bokosi. Munali timitengo ta mitundumitundu, kakafupi koimira wani, kakatali koimira teni, ndi mabuku anayi opyapyala. Tsamba lililonse linali ndi mafunso ochepa, malo ambiri oyera, ndipo funso lililonse unkayamba kulimanga ndi timitengo usanalembe. Panalibe wotchi. Ndinakumbukira Bambo Walter ndi masokosi awo, ndipo ndinadziwa kuti ili ndilo buku lake. Kenaka ndinaona chikuto. Panali abakha achikasu, ndi malembo aakulu ofiira akuti ndi la ana a zaka zisanu mpaka zisanu ndi chimodzi. Tadala anali atatsala mwezi umodzi kukwanitsa zaka khumi ndi chimodzi.

"Mumuuze zoona," anatero Mayi Fatima. "Adzalira, kenaka adzayamba. Wanga analira."

"Wanu ali ndi mayi," ndinayankha. "Uyu walira zokwanira."

"Ndi mwana wanzeru, amayi. Adzadziwa."

Sindinamve. Ndinali nditamubaya kale ndi mawu aja a masupuni, ndipo sindinafune kumupatsa buku lomuuza kuti ndi khanda. Ndinachita chimene mayi aliyense wa kwathu amachita sukulu ikamatsegulira. Ndinatenga pepala lakhaki, ndinadula, ndinapinda ngodya monga ndinkapindira makope anu, n'kumata ndi selotepi. Tsamba lamkati lomwe linabwereza zaka zija ndinalimata ku chikuto. Pamwamba ndinalemba ndi dzanja langa: Masamu 1, Masamu 2, Masamu 3, Masamu 4. Tadala atandipeza ndikumaliza anaseka koyamba pa masabata ambiri.

"Agogo, mabukuwo mukuwaveka zovala?"

"Kwathu buku siliyenda maliseche."

"Ndi la kalasi yanji?"

"La kalasi yako," ndinatero. "Kungoti ndi la njira ina."

Febuluwale mpaka Juni

Miyezi imeneyi ndiyo yokha yabwino imene ndakhala nayo chimwalirire Esnart. Tinkayamba tikatha kumwa tiyi, mphindi makumi awiri basi, monga bukulo linkanenera. Masana ndinkatsegula tsamba la mawa n'kulichita ndekha, kuti ndisachite manyazi pamaso pa mwana. Masabata oyamba tinkangomanga masitepe a timitengo, kuyambira kakafupi mpaka kakatali. Ndinkaona ngati tikusewera, mtima n'kumandiuza kuti nthawi ikutha. Kenaka m'mawa wina anaika kamtengo ka faifi ndi ka thuu pambali pa ka seveni, naona kuti zikutha pamodzi. Anachotsa, naikanso. Anayesa folo ndi fili. Anandiyang'ana ngati munthu amene wapeza khomo m'nyumba imene wakhalamo zaka zambiri. Anati, "Agogo, seveni sasintha? Nthawi zonse?" Ndinati nthawi zonse. "Ndiye bwanji palibe anandiuza?"

Mu Epulo tinafika pa makumi. Anamanga fotini, kakatali kamodzi ndi tating'ono tinayi. Anamanga fote wani, tatitali tinayi ndi kakang'ono kamodzi. Anakhala akuyang'ana milu iwiriyo, wina waung'ono wina waukulu, kenaka anati, "Sizifanana n'komwe." Sabata yomweyo pa siteji anandikoka chovala basi ikubwera, nati, "Si yathu iyi, yathu ili kumbuyo." Zala anasiya kuzibisa pansi pa tebulo. M'mimba munasiya kupweteka. Mayi wina wochokera ku khonsolo ya mzinda anabwera kudzaona mmene tikuphunzirira. Anatsegula bukulo, anayang'ana pepala lakhaki, anandiyang'ana ine, sananene kanthu za chikuto. Anangoti tipitirize, tili pa njira yabwino. Mzungu wachilendo anamvetsa.

Kwa a Gift sindinkanena zambiri. Akaimba ndinkati zikuyenda, ndipo sindinkanama. Koma ndinkadziwa kuti kuyenda kwathu ndi kuyenda kumene iwo ankayembekezera n'kosiyana. Tinali pakati pa buku lachiwiri. Anzake a Tadala anali kutali, kumene ine sindinafikeko n'komwe.

Lamlungu lina la Juni anabwera ndi Beatrice. Ndinatuma Tadala kukhitchini kukakonza tiyi. Mabuku anali pa tebulo, sindinawabise, poti sindinaganize kuti munthu angasende chikuto cha buku la mwini. Beatrice ndiye anayamba kulitsegula. Anati, "Nanga ni buku ya bwanji iyi, yovala pepa?" A Gift analitenga, anatembenuza masamba, nkhope ikusintha. Anawerenga mokweza, "Eyiti kuphatikiza faifi." Anatembenuzanso. Kenaka analowetsa chikhadabo pansi pa selotepi, nang'amba. Abakha anatuluka.

"Zaka zisanu mpaka zisanu ndi chimodzi," anawerenga, m'Chingerezi, pang'onopang'ono. "Amayi, ndi chiyani ichi?"

"Tsitsani mawu, bambo a Tadala."

"Chaka chathunthu. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi akuwerenga abakha. Pulogalamu ija munaisiyira izi?"

"Mufunseni fotini ndi fote wani. Mufunseni seveni. Zaka zisanu za sukulu sizinamupatse zimenezo, buku ili lamupatsa."

"Ku sekondale sakafunsa seveni."

"Mukamuika kumeneko lero abwerera m'chimbudzi. Ndipatseni chaka china chimodzi. Ndikupemphani ngati mayi wa mkazi wanu."

"Ndinakupatsani chaka. Ngati linali buku labwino, munalibisiranji?"

Ndinagwira chimene chinanditsalira. Ndinati, "Mwana uyu ndi wa kwathu, mbumba ya Esnart."

"Kuno si ku Dedza, amayi."

Ndi pamene ndinaona kuti Tadala waima pakhomo, thileyi ili m'manja. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Maso ake sanali pa bambo ake, anali pa chikuto chija. Analowa, anaika thileyi pa tebulo osataya dontho, natuluka.

Ogasiti

Kuyambira tsikulo bokosi la timitengo sanalikhudzenso. Ndikaliika pa tebulo ankadya chakudya chake molizungulira. Ndinayesa kufotokoza, iye n'kumangoti, "Palibe vuto, agogo," mwaulemu wa munthu wachilendo. Mayi Fatima anadzipereka kukayankhula ndi a Gift, koma iwo anati nkhani za banja lawo sizifuna anthu akunja. Komabe, ndinene zoona za a Gift, sanamukoke mwana. Anamufunsa. Anandiuza kuti Tadala akanena kuti akufuna kutsala, aganizanso. Anamufunsa ine ndili pompo, ndipo iye anayankha akuyang'ana pansi, "Ndipita." Apa ndi pamene pamandiwawa. Akanakhala kuti anadziwa za bukulo kuyambira pachiyambi, akanaima pakhomo paja n'kunena kuti ndikudziwa, ndi langa, ndisiyeni. A Gift akanasowa chonena. Koma ndinamusiya wopanda pogwira, poti anamva limodzi ndi alendo.

Ntchito sindinabwererenso. Ndinafunsa kamodzi, Karen anati malo anga anadzaza ndipo ndi mawondo angawa sakuona kuti ndingakwanitse. Umu ndi mmene ndinapumira.

Tsiku lonyamuka a Gift anafika m'mawa, anatsala m'galimoto injini ikulira. Ndinakwera kuchipinda kukathandiza kutseka sutikesi. Tadala anali atakhala pabedi, chithunzi cha mayi ake chili pamiyendo. Anayankhula m'Chichewa, chimene sankachita kawirikawiri, mawu akutuluka movutikira.

"Agogo, munkadziwa kuti ndi la makanda?"

"Ndinkadziwa."

"Tsiku lija la seveni, ndikusangalala, munkandiseka mumtima?"

"Ayi, mwana wanga. Mulungu ndi mboni."

"Ndinkaganiza kuti ndawapeza anzanga. Ndinauza mtsikana wina ku laibulale kuti ndikupanga masamu a kalasi yanga." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Mukanandiuza, ndikanalira tsiku limodzi basi."

Pansi hutala inalira. Ndinanyamula sutikesi, iye chikwama. Pakhomo ndinamuuza kuti atenge bokosi lija, Mayi Fatima sangakane, mwina madzulo ena angafune kulitsegula yekha. Anapukusa mutu. Anandikumbatira mwachangu, nalowa kumbuyo, ndipo galimoto inakhota pa ngodya.

Ndinabwerera pa tebulo. Buku lachiwiri linali pomwe tinalisiya mu Juni, pensulo ili mkati. Tsamba lotsatira linali la kuchotsera kobwereka, monga sate thuu kuchotsa seveni, pamene umathyola kakatali kamodzi kukhala tating'ono khumi. Ine ku Sitandade 3 ndinabwereza chifukwa cha masamu amenewo, ndipo ndinakhoza kachiwiri osawamva. Ndinawamva koyamba ndili ndi imvi, pa tebulo limenelo, nditawayeserera masiku atatu kuti ndimuonetse Lolemba. Akabwera pa holide sitikamba za masamu. Mpaka lero sindikudziwa ngati alipo amene anamuonetsa.